Alendo Amene Anafika Pambuyo pa Bokosi la Nachisale

Ntchito yanga ndi ya ulangizi wa zaumoyo, ndipo ndaigwira ku Chezi kwa zaka zokwanira kuti agalu a m'midzi yozungulira asiye kundiuwa. Chaka chimene kolera inavuta m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi, tinamva kuti kukubwera akatswiri ochokera kunja kudzatithandiza. Awiri mwa iwo anali oti apite ku Kasakula, kumene kunamangidwa matenti a odwala. Panafunika munthu wokawalandira kubwalo la ndege, kuwaperekeza ndi kuwamasulira. Anasankha ine pa zifukwa ziwiri: Chizungu sindichita nacho manyazi, komanso kwathu n'komweko, mudzi wina usanafike pa Kasakula. Sindinakane. Kunena zoona ndinanyadira, moti yunifolomu ndinaisita kawiri.

M'mawa wa tsiku la ulendo, ndili pasiteji kudikira minibasi, foni inalira. Anali achemwali anga, make Dalitso, amene amakhala kumudzi.

"Enelesi, Nachisale watisiya."

Nachisale anali mnzawo wa achemwali kuyambira ali atsikana. Analowa limodzi kalasi ya ubatizo, anakwatiwa chaka chimodzi, ankaimba mbali imodzi pa nyimbo za amayi akumpingo, ndipo fodya ankasokera m'chigafa chimodzi. Ndinafunsa kuti wadwala chiyani, popeza sabata yapitayo ndinamva kuti ali bwinobwino.

"M'mimba basi. Anayamba dzulo m'mawa, pofika madzulo wapita."

"Amatsekula zotani? Zoyera ngati madzi otsukira mpunga?"

Anazemba funsolo, ndipo ine ndinadziwa tanthauzo lake.

"Achemwali, imeneyo ndi kolera. Chonde musamukhudze, musachape nsalu zake, musa..."

"Wayamba. Ndinadziwa kuti uyamba. Mukufuna mudzamukulunge m'pulasitiki ngati belo la fodya, ana ake osaona nkhope? Ine ndi Nachisale tinapangana kalekale kuti wotsala adzasambitsa mnzake. Bokosi likangofika ndimusambitsa ndi manja angawa. Uli ndi mawu ena?"

Ndinali nawo ambiri, koma anadula foni.

Kwathu amayi sasambitsa thupi bokosi lisanafike pakhomo, kuti akamaliza kumuveka womwalirayo amugoneke nthawi yomweyo. Choncho ndinadziwa kuti ndili pa mpikisano ndi kalipentala. Thupi la munthu wofa ndi kolera ndi loopsa kuposa wodwala amene, ndipo ndinali nditaonapo midzi imene maliro amodzi anabala maliro ena angapo. Ndinayesa kuimbira anzanga a ku Kasakula kuti athamangireko, koma kumeneko netiweki imagwira pachulu chimodzi chokha, ndipo masiku amenewo palibe amene anali ndi mpata wokwera chulu. Ndatembenuzapo mitima ya anthu ambiri pa ntchito yanga, amuna okana chimbudzi, amayi okana katemera, koma achemwali anga sindinawagonjetsepo pa mkangano uliwonse chibadwire.

Minibasi inabwera mvula ikuwaza. Kondakitala anali atakweza mtengo, ati chifukwa cha mvula, ngati kuti galimoto imamwa mafuta ambiri ikanyowa. "Tikunyamuka pompano, mayi," anatero, ndipo tinakhala pomwepo mpaka atapezeka munthu wa thumba la makala ndi mayi wa nkhuku ziwiri. Panjira bambo wina amene anakhala kumbuyo kwanga, ataona yunifolomu, anayamba kulankhula mokweza kuti aliyense amve.

"Akuti kukubwera azungu ndi majakisoni. Matendawa akuwabweretsa okha kuti apeze ntchito."

Ndinatembenuka. "Bambo, kunyumba kwanu kuli chimbudzi?"

"Chinagwa ndi mvula."

"Ndiye musavutike kufunafuna azungu. Amene akubweretsa matenda takwera naye."

Minibasi yonse inaseka, ngakhale mwini wake anaseka pang'ono. Ine ndinaseka nawo, koma maso anali pa wotchi.

Pa Lumbadzi ndinapeza galimoto yoyera yochokera ku Lilongwe ikundidikira. Dalaivala wake anali Bambo Gwaza, munthu wamkulu, wodekha, wa chipewa chachikopa. Kumbuyo kwa galimoto kunali ndowa za kolorini, makatoni a magolovesi ndi maepuloni, ndi ndowa zokhala ndi mpopi zosambira m'manja. Nditaziona mtima unakhala pansi pang'ono. Zonse zofunika zinalipo, chotsala chinali kungofika.

Kubwalo la ndege ndinali ndisanalowepo. Ndinaima pamodzi ndi ena olandira alendo, nditanyamula chikatoni cholembedwa mayina awiri: Mariatu ndi Henrik. Ndege inachedwa chifukwa cha mitambo. Tinadikira ola lathunthu, kenaka lina linayamba. Bambo Gwaza anagona tulo pampando, chipewa chili kumaso. Ine ndinayenda uku ndi uku mpaka mlonda anandifunsa ngati ndataya chinthu.

Anthu atayamba kutuluka, ndinakweza chikatoni changa n'kumasuzumira kufunafuna azungu awiri. Patsogolo panga panaima mayi wina wamfupi, wakuda kuposa ine, wovala buluku ndi nsapato zothamangira, chikwama chili kumsana. Ndinasendera kumbali kuti asanditchinge. Iye anasenderanso. Ndinatsala pang'ono kumuuza kuti apatuke.

"Dzina limenelo ndi langa," anatero m'Chizungu, akuloza chikatoni. "Ndine Mariatu."

Manyazi amene ndinachita sindidzawaiwala. Dokotala Mariatu anali wochokera kudziko lina la kuzambwe kwa Africa, ndipo anali atagwira ntchito m'miliri yoopsa kuposa yathuyi. Anangoseka n'kunena kuti zimamuchitikira pabwalo la ndege lililonse. Mzungu analipo mmodzi, Henrik, wa ku Ulaya, katswiri wa za madzi, wamtali moti polankhula naye khosi linkawawa. Iye anatuluka mochedwa chifukwa sutikesi yake inatsalira kumene anasinthira ndege. M'sutikesimo munali majombo ake. Kuphazi anali ndi nsapato zofewa zachikopa, zoyenera muofesi ya kapeti. Bambo Gwaza anaziyang'ana nsapatozo, n'kuyang'ana kumwamba.

Tisanafike n'komwe pamphambano yolowera ku Dowa ndinali nditawauza kale za Nachisale. Ndinaganiza kuti dokotala afunsa za chiwerengero cha odwala kapena kutalika kwa mudzi ndi chitsime. Iye anafunsa zina.

"Mchemwali wakoyo ndi wamakani?"

"Kwambiri."

"Amayi ena amamumvera?"

"Akatsokomola iwo, nyimbo imasintha."

"Ndiye ameneyo ndi amene ndikufuna kukumana naye."

Pa boma la Dowa panali ofesi ina imene pulogalamu inati tiyambe tapereka moni. Mlendo sangalowe m'dera la eni ake ngati mbala, zimenezo ndimazidziwa, koma tsiku limenelo buku la alendo ndinaliona ngati mdani. Anatilandira bwino, anatipatsa mipando, anatumiza munthu kukawiritsa tiyi. Dokotala Mariatu anasaina ataimirira, anagwira aliyense chanza ndi manja awiri, n'kufotokoza mwaulemu kuti pali maliro amene sangadikire. Anatimvetsa. Bambo Gwaza, poona kuti masikono abwera kale pambale, anati kuwasiya n'kunyoza eni ake, ndipo anawakulunga m'nyuzipepala.

Kuchoka pamenepo tara inatha. Msewu wafumbi unali utasanduka phala, ndipo galimoto inkayenda chammbali m'zitunda, chimanga chili mbali zonse mpaka pamwamba pa mapiri. Henrik ankajambula chilichonse. Titayenda ndithu, Bambo Gwaza anachepetsa liwiro, anazimitsa wailesi n'kuvula chipewa. Pamsewu panali nthambi zamasamba aawisi zitayalidwa mopingasa. Galimoto isanaime n'komwe, Henrik anatsegula chitseko, anadumpha, n'kuyamba kuzikokera kumbali mwachangu, nkhope ili yosangalala kuti wapeza pothandiza.

"Hendeleki! Hendeleki!" anakuwa monong'ona Bambo Gwaza. "Mayi, muuzeni mnzanuyo, atipalamulira!"

Amuna amene anakhala pansi pa mtengo chapafupi anali ataimirira. Ndinathamanga n'kumugwira mkono Henrik. Ndinamuuza kuti nthambizo sinagwetse ndi mphepo, ndi chizindikiro chakuti pamudzipo pali maliro, ndipo wodutsa amayenda pang'onopang'ono, wanjinga amatsika, wachipewa amavula. Munthu uja anafiira mpaka makutu. Anabweza nthambi iliyonse pamalo pake, n'kuziyala bwino kuposa mmene zinalili. Bambo Gwaza anapita kwa amuna aja akuwomba m'manja mwaulemu.

"Pepani akuluakulu, ndi mlendo, wangotsika ndege lero lomwe."

"Waoneka," anayankha mmodzi. "Koma wabweza, ndiye ali ndi khalidwe. Pitani bwino."

Dokotala Mariatu sanaseke. Anandipempha kuti ndifunse dzina la mudziwo ndi matenda amene munthuyo wafa nawo. Amuna aja anati ndi m'mimba. Dokotala anatulutsa mapu n'kuikapo chizindikiro. Kutsogolo tinapezanso nthambi, ndipo anachitanso chimodzimodzi. Anandionetsa mapepala amene anamutumizira asananyamuke kwawo. Midzi imeneyi munalibe, chifukwa mapepala amadziwa okhawo amene anafika kuchipatala. Kuyambira pamenepo ankayang'ana pamsewu kuposa pa mapepala.

Dzuwa litapendeka pang'ono tinafika pamtsinje umene uli malire a kwathu. Ndi kamtsinje kopanda ulemu, m'chilimwe umadumpha osavula nsapato, koma mvula ikagwa kumapiri kamadzitenga ngati kenikeni. Mlatho wake wa mitengo unali utapita mbali imodzi. Bambo Gwaza anatsika, anayenda m'mbali, anabaya pansi ndi ndodo, n'kunena kuti adutsa chakumunsi. Anadutsadi theka. Kenaka matayala akumbuyo anazungulira pamalo amodzi, galimoto inakhala pansi ndi mimba, ndipo matope anafika pachitseko.

Tinayesa zonse. Tinaika miyala, tinaika nthambi, tinakumba ndi manja. Anabwera amuna anayi ochokera kumunda ndi makasu awo, anakankha akuimba, galimoto inangotitimira. Henrik anakankha nawo mpaka nsapato imodzi inatsala m'matope. Anaifufuza ndi dzanja mpaka m'chigongono, osaipeza. Bambo Gwaza anatulutsa masikono aja n'kugawira aliyense, akunena kuti tsopano taona ubwino wolemekeza eni ofesi.

Ine langa ndinapatsa mmodzi wa amuna aja. Kumudzi kunali kutatsala mtunda wa ola limodzi wapansi. Foni inalibe netiweki ngakhale kadontho. Ndinkaona m'maganizo achemwali atagwada pambali pa mnzawo, beseni lili apo, akumupukuta kumaso, kenaka akudzipukuta misozi ndi dzanja lomwelo. Ndinachita mantha enieni. Ndinaganiza zongothamanga ndekha, koma ndikanafika chimanjamanja ndi pakamwa pokha, ndipo pakamwa panga anali atapakana kale m'mawa.

Ndili m'maganizo amenewo ndinamva kulira kwa matayala a ngolo kumbuyo kwathu. Inkatsika chitunda pang'onopang'ono, ng'ombe ziwiri zikukoka, amuna awiri akuyenda m'mbali opanda zipewa. Pangolopo panali chinthu chachitali chofunditsidwa lona. Amuna a makasu aja anasiya kulankhula n'kuima kumbali. Woyendetsa ndinamuzindikira, anali a Chikuse, mmodzi wa adzukulu a kwathu, amene amakumba manda ndi kuyendetsa zonse za maliro.

"Enelesi, ndiwe? Wamva zovutazi?"

"Ndamva. Limeneli ndi la Nachisale?"

"Ndi lomweli. Kalipentala wa ku Kasakula nayenso wagona m'matenti mwanumo, ndiye tinakakhomesa tsidya lino. Tachedwa, anthu atopa n'kudikira."

Bokosi linali lisanafike. Linali pano, patsogolo panga, ndipo achemwali anali asanayambe.

Nditamasulira, Henrik anati tiwapemphe adikire mpaka galimoto ituluke, kapena ng'ombezo zitikoke kaye. Bambo Gwaza anapukusa mutu ndisanamalize n'komwe kuwauza.

"Bokosi saliimitsa panjira, mayi. Ndipo ng'ombe zimene zanyamula bokosi simungazimasule kuti zikoke galimoto. Mukatero mudzi wonse udzakumbukira zimenezo, za kolera adzaiwala."

Dokotala Mariatu anayang'ana ngolo, anayang'ana galimoto. "Afunse ngati pangolopo pali malo a ndowa ziwiri ndi katoni imodzi. Ife tiyenda pansi."

A Chikuse anakanda kumutu. Bokosi siliyenda ndi katundu wamba, si matumba a chimanga. Ndinawayang'ana m'maso n'kuwauza kuti zimenezi ndi zosambitsira malemu. Silinali bodza. A Chikuse anakweza lona chakumapazi.

Ndinatsegula chikwama changa n'kutulutsa zitenje ziwiri ndi duku. Mkazi salowa pamaliro ndi buluku, kaya akhale dokotala wotani. Mariatu anamanga chitenje mwa kwawo, mfundo ili kumbali, ine ndinamasula n'kumumanga mwa kwathu. Yunifolomu yanga yosita kawiri ija ndinaiphimbanso ndi chitenje, inali itatha kale ndi matope. Henrik anavula chipewa osauzidwa. Anavulanso nsapato yotsalayo n'kuisiya m'galimoto, ati kuyenda ndi imodzi n'kovuta kuposa kuyenda wopanda. Bambo Gwaza anatsala kulondera galimoto.

Tinawolokera pamene pamawolokera ng'ombe, madzi ali m'mawondo, titagwira kumbuyo kwa ngolo. Kutsidya tinayamba kukwera. Anthu amene tinkakumana nawo ankapatuka, amayi ankagwada m'mbali mwa njira, ena ankasiya makasu n'kutitsatira. Pofika pa nthambi za pamudzi pathu tinali gulu ndithu, ndipo pakati pake panali mzungu wamtali wopanda nsapato, mapazi akutuluka magazi pang'ono, akuyenda mwakachetechete ngati wina aliyense.

Ndiyenera kunena chinthu chimodzi mosabisa. Tikanafika pa galimoto yoyera ija, yolembedwa m'mbali, chitseko cha siwa, nyumba ya maliroyo, akanatitsekera. Kumudzi wina, masabata angapo m'mbuyomo, anzathu anathamangitsidwa ndi miyala atapita kukatenga thupi. Koma munthu amene wabwera pambuyo pa bokosi ndi wolira, ndipo wolira sabwezedwa. Ngolo italowa pabwalo, amayi anayamba kulira mokweza monga zimakhalira bokosi likafika. A Chikuse anamugwira dzanja Henrik n'kupita naye kwa amuna. Ine ndi Mariatu amayi anatipatsa njira yolowera m'nyumba.

M'katimo munali mdima ndi fungo limene ndimalidziwa bwino. Nachisale anagona pamphasa atafunditsidwa nsalu. Achemwali anakhala chakumutu kwake, maso atatupa, beseni ndi sopo zili pambali. Atandiona nkhope inauma.

Ine ndinali wokonzeka kuyamba. Mawu ndinali nditawasanja njira yonse. Koma Mariatu anandigwira bondo, anakhala pansi atatambasula miyendo monga amayi enawo, n'kuweramitsa mutu. Anakhala choncho nthawi yaitali, nyimbo imodzi inatha, ina inayamba. Ine m'kati ndinkapsa. Mapeto ake amene anayamba kulankhula ndi achemwali.

"Ameneyu ndiye dokotala wakoyo?"

"Eya, achemwali."

"Wayenda pansi?"

"Kuchokera kumtsinje."

Anayang'ana matope a m'miyendo mwake. "Umuuze kuti ngati wabwera kudzamutenga, ayambe wanyamula ine."

Ndinamasulira mmene analankhulira, osachotsa kanthu. Mariatu anayankha motsitsa mawu, akuyang'ana achemwali, osati ine.

"Sindinabwere kudzakulandani mnzanu. Ndamva kuti munapangana. Panganolo lichitika lero, ndipo muchita ndinu. Ndikupempha zitatu zokha: madzi ndikonze ine, manja anu avale, ndipo ndikhale nanu kuti ndikuthandizeni kumutembenuza. Kwathu ndinaona amayi abwino ngati inu akutsatira anzawo kumanda patangopita masiku, chifukwa chowakonda. Ena ndinawaletsa mwaukali, anakasambitsa mobisa, ndipo anafa. Sindiletsanso munthu."

Amayi onse m'nyumbamo ankayang'ana achemwali.

"Nkhope anthu aona?"

"Aona. Koma osakhudza."

"Duku lake loyera la kumpingo avala?"

"Mumuveka ndinu."

"Nanga pulasitiki yanuyo?"

Apa Mariatu sanagonje. Anati pulasitiki iyenera kukhalapo, chifukwa thupi limapitiriza kutulutsa madzi, ndipo adzukulu onyamula bokosi nawonso ali ndi ana. Ndinaganiza kuti zonse zathera pomwepo. Achemwali anayang'ana nsalu imene inaphimba mnzawo.

"Ikhale pansi pa nsalu yoyera. Ana ake asaione."

"Saiona."

Achemwali anatulutsa amayi ena onse, tinatsala atatu. Ndinasungunula kolorini m'ndowa, wamphamvu wa thupi payekha, wofatsa wa m'manja payekha. Achemwali anatambasula manja, ine ndinawaveka magolovesi awiriawiri ndi epuloni. Anadziyang'ana n'kupukusa mutu.

"Nachisale, usandiseke," anatero. "Ndi zochita za mwana uyu."

Sitinathire madzi monga mwa masiku onse. Achemwali ankamupukuta ndi nsalu yonyowetsa m'ndowa, pang'onopang'ono, kuyambira kumaso, akumuyankhula za fodya amene wamusiya m'chigafa ndi za mwana wake wamng'ono amene adzamuyang'anira. Misozi ikatsika, dzanja lawo linkanyamuka lokha kupita kumaso, ndipo ine ndinkaligwira m'mwamba n'kuwapukuta ndi mpango wanga. Zinachitika katatu. Kachitatu sanandikalipire. Zina zofunika kutseka pathupi la malemu anachita Mariatu mwamsanga, atatchinga ndi thupi lake. Duku anamanga achemwali, ndipo analimanga bwino.

Titatuluka tinapeza kunja kwasintha. Henrik, wopanda nsapato ndi wopanda Chichewa, anali atagwirizana ndi adzukulu mwa manja okha. Migolo yonse ya madzi inali itathiridwa mankhwala, ndowa ya mpopi inali pampando pakati pa bwalo, ndipo a Chikuse anaima pambali pake ngati msilikali, akubweza aliyense wofuna kusamba m'beseni limodzi ndi anzake. Madzi amene tinasambitsira anakathira m'dzenje n'kukwirira, mphasa ndi zofunda anatentha. Anthu anaona nkhope akudutsa m'mzere manja ali kumbuyo. Mkulu wa mpingo anafupikitsa mwambo, ndipo Nachisale anagona dzuwa likadalipo.

Ng'ombe zomwe zija, zitamaliza ntchito yake, zinabwerera kumtsinje n'kukatulutsa galimoto. Pa Kasakula tinafika kutada, tinapeza matenti odzaza ndi anzathu otopa, ndipo alendo aja anayamba ntchito asanamwe n'komwe madzi. Henrik anamupezera magambutsi a munthu wina, zala zinkapindika m'kati koma sanadandaule.

Mtima wanga sunakhale pansi. Achemwali anali atandiuza potsazikana kuti Nachisale anatsirizikira pamiyendo pawo, ife tisanafike, magolovesi kulibe. Kolera imatha kubisala m'thupi masiku angapo isanaonekere. Ndinawasiyira mapaketi opangira madzi a mchere ndi shuga, ndinauza a Chikuse kuti ngolo ikhale yokonzeka, ndipo ndinapangana ndi achemwali kuti m'mawa uliwonse azikwera kuseri kwa tchalitchi kumene foni imagwira. Ine ndinkakwera chulu chija.

Tsiku loyamba anati ali bwino. Lachiwiri anati ali bwino, ndisiye kuwavutitsa. Lachitatu foni inangoitana osayankhidwa, ndipo ndinkangokwerakwera chulucho mpaka masana pamene anaimba okha kuti anali kumunda. Tsiku lachisanu m'mawa ndinakweranso. Anayankha kusanaitane kawiri.

"Achemwali, m'mimba muli bwanji?"

"Iwe, usamandifunse za m'mimba ngati ndine mwana wa kusikelo. Ndili bwino. Tamvera. Kutsidya kwa dambo kwagwa zovuta usiku wathawu, matenda omwewa. Amayi akumeneko afuna kuyamba kusambitsa, ndawatumizira uthenga kuti asakhudze kanthu mpaka ndifike. Andimvera. Ndiye umuuze mnzanga wamfupi uja anditumizire magolovesi ndi mankhwala aja, ndipo ubwere nazo wekha. Fulumira, bokosi lanyamuka kale."